Mabowo asanu a ku Detroit

Tengani gudumu la BMW yakale ya mabowo asanu mukaliyese pa Chevrolet Chevelle ya 1970. Lilowa ndithu. Mabowo asanu akumana ndi mabawuti asanu, manati amangika, ndipo mukaima chapatali mudzati galimotoyo inabadwa nalo. Koma silinakwane. Mabowo a BMW anabooledwa pa mzere wozungulira wa mamilimita 120, pamene mabawuti a Chevrolet anakhala pa mzere wa mamilimita 120.65. Kusiyana kwake sikufika ngakhale pa kukhuthala kwa khadi ya ku banki. Komabe nati iliyonse ikamamangidwa imakokera bawuti yake pambali pang'ono, ndipo chitsulo chopindidwa chotero chikayenda makilomita masauzande chimatopa. Okonda galimoto zakale ku America akhala akukangana za kachidutswa ka milimita kameneka kwa zaka zambiri. Ena amati ayenda nako osaona vuto, ena amati n'kusewera ndi moyo.

Pakati pa mkanganowu pali kachipangizo kooneka konyozeka: chimbale cha aluminiyamu chokhuthala inchi imodzi kapena ziwiri, chokhala ndi mabowo ake ndi mabawuti akeake. Amachitcha adaputa. Mumachimangirira pa habu ya galimoto ngati kuti ndicho gudumu, kenako gudumu lenilenilo mumalimangirira pa icho. (Ndikamati gudumu ndikunena limu, chitsulo chimene tayala limavalapo.) Ndikufuna tione kumene chinachokera, chifukwa mbiri yake imaulula zambiri za mmene mafakitale a galimoto amaganizira kuposa nkhani za liwiro ndi phokoso la injini zimene timakonda kubwerezabwereza. Ndinene poyamba pomwe kuti ine sindili m'gulu la amene amati adaputa iliyonse ndi msampha. Mantha anga ali pena.

Vutoli ndi lakale kuposa galimoto zimene tikukambazi. Palibe tsiku limene makampani a ku Detroit anakhalapo pansi n'kugwirizana kuti mabowo a gudumu azitalikirana bwanji. Aliyense ankachita zake, ndipo nthawi zina kampani imodzi inkadzisintha yokha. Ford Model A ya 1928 inali ndi mabawuti asanu pa mzere wa mainchi 5.5. Kuyambira 1936 mpaka 1939 Ford inasunthira mabawutiwo kunja, m'mphepete mwa dilamu ya mabuleki, pa mzere wa mainchi 10.25, moti gudumu linkaoneka ngati mphete ya chibowo chachikulu pakati. Mu 1940 inabwerera ku 5.5. Nthawi yonseyi Chevrolet inkaika mabawuti asanu ndi imodzi pa galimoto zake zambiri.

Zinthu zinakhazikika pa galimoto za 1949, zimene makampani awiriwa anazikonza mwatsopano nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Ford inasankha mabawuti asanu pa mainchi 4.5, amene ndi mamilimita 114.3. Chevrolet inasankha asanu pa mainchi 4.75, amene ndi 120.65 uja. Chrysler, mwini wake wa Dodge ndi Plymouth, inali pa 4.5 ngati Ford, koma itatulutsa Valiant ya 1960 inaipatsa kamzere kakang'ono ka mainchi 4, kamene kanapitirira pa Dart, pa Barracuda zoyambirira ndi pa Duster mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Galimoto zikuluzikulu za Pontiac, Buick ndi Oldsmobile zinali pa mainchi 5. Palibe woyendetsa amene angamve m'chiwongolero kuti 4.75 ndi yolimba kuposa 4.5. Chimene chinasunga nambalazi ndi ndalama: makina obowolera akatcheredwa, madilamu ndi maekiselo mamiliyoni akatuluka, kusintha kota ya inchi kumadya chuma chambiri popanda phindu looneka. Choncho zimene mainjiniya anasankha mu 1949 zinamanga ana ndi zidzukulu.

Chrysler inawonjezera chake chodabwitsa. Mpaka cha mu 1970, manati a magudumu a mbali ya kumanzere ankamangika mukamapotokolera kumanzere, poganiza kuti akatero sangamasuke galimoto ikuyenda. Pamutu pa bawuti ankadindapo chilembo L. Mnyamata wa pagalaja amene sanachione chilembocho ankalimbana ndi sipanala akuti akumasula pamene akumangitsa, mpaka bawuti n'kuthyokera m'manja. Safunsa anadya phula.

Oyamba kulimbana ndi chisokonezochi anali anyamata a ku California amene ankathamangitsa Ford zakale pa nyanja zouma za Muroc ndi El Mirage. Ambiri anali atabwerako kunkhondo ndi luso lowotcherera ndi kusula zitsulo, koma m'thumba munalibe zambiri. Magazini ya Hot Rod, imene Robert Petersen anaiyambitsa mu 1948, inakula pa anthu amenewa, ndipo mu 1951 Wally Parks anakhazikitsa bungwe la NHRA kuti mipikisano ichoke m'misewu ya m'tauni. Galimoto yawo inali yosonkhanitsa: bodi ya kuno, injini ya uko, ekiselo ya kwina. Gudumu likakana, ankabowola mabowo atsopano pa dilamu ndi pa ekiselo. Akafuna kuti tayala lituluke kunja, ankadula chapakati cha limu, n'kuchitembenuza, n'kuchiwotcherera. Ford itatulutsa ekiselo yake yotchuka ya mainchi 9 mu 1957, imene inali yolimba kwambiri, eni Chevrolet ambiri anameza manyazi n'kuiika pansi pa galimoto zawo. Zotsatira zake zinali galimoto ya 4.75 kutsogolo ndi 4.5 kumbuyo, imene tayala lake lapadera limakwana mbali imodzi yokha. Apa m'pamene chimbale cha mabowo amtundu wina ndi mabawuti amtundu wina chinapeza ntchito.

Kenako kunabwera galimoto zimene Amereka amazitcha muscle car. Ambiri amawerenga kuyambira pa Pontiac GTO ya 1964. General Motors inali ndi lamulo loletsa injini zazikulu m'galimoto zapakatikati, koma John DeLorean, amene anali mkulu wa mainjiniya ku Pontiac, pamodzi ndi anzake analizemba pogulitsa injini ya V8 ya malita 6.4 ngati chinthu chowonjezera pa Tempest LeMans, osati ngati galimoto yatsopano. Ankayembekeza kugulitsa 5,000. Anagulitsa 32,450. Mu April chaka chomwecho Ford inaonetsa Mustang ku New York, ndipo pofika 1970 kunali Camaro, Firebird, Charger, Road Runner, Challenger, ndi Chevelle ya injini ya malita 7.4 imene ankati ili ndi mahosipawa 450.

Tsono yang'anani pansi pa GTO yoyambayo. Mahosipawa 325 ankadalira magudumu a mainchi 14, matayala opyapyala a nsalu zopingasana amene ankapindika pokhota, ndi mabuleki a dilamu a mainchi 9.5. Kunena mosabisa, Detroit inkagulitsa injini, zotsalazo inkangoperekeza. Ogula anazindikira msanga, ndipo gudumu linali chinthu choyamba kusinthidwa, mwina chifukwa cha liwiro, koma kawirikawiri chifukwa cha maonekedwe. Magudumu opepuka a magnesium a m'mipikisano, monga a Ted Halibrand, ndiwo anabala dzina loti mag limene mpaka lero anthu amatchulira limu lililonse lonyezimira ngakhale mulibe magnesium. Kampani ya American Racing inatulutsa Torq Thrust mu 1963, ndipo Roy Richter anatulutsa Cragar S/S mu 1964. Amene munaonera filimu ya Bullitt ya 1968 mukumbukira Mustang yobiriwira ya Steve McQueen: inavala Torq Thrust. Dodge Charger imene ankathamangitsana nayo m'mapiri a San Francisco inali ndi zivundikiro wamba pa magudumu, ndipo owerenga mosamala amati inataya zivundikiro zochuluka kuposa magudumu amene inali nawo.

Wogulitsa magudumu anali pa mpanipani. Kuti akhutiritse mwini Ford, mwini Chevrolet ndi mwini Pontiac yaikulu, ankayenera kusunga gudumu lililonse katatu. Yankho lina linali gudumu la mabowo ataliatali ngati dzira, lotchedwa Uni-Lug, limene linkalowa pa mizere ingapo mothandizidwa ndi mawashala. Linapulumutsa malo m'sitolo, koma linkafuna munthu wodekha pomanga, apo ayi gudumu linkakhala lopendekera pang'ono ndipo galimoto inkanjenjemera. Yankho linalo linali adaputa. Ndipo chodabwitsa n'chakuti m'zaka zimenezo inapezanso msika pa galimoto yofooka, Volkswagen Beetle. Mpaka 1967 Beetle inali ndi mabawuti asanu pa mzere waukulu wa mamilimita 205, ndipo anthu amene ankaisandutsa ngolo yothamanga pamchenga, motsatira Meyers Manx imene Bruce Meyers anapanga mu 1964, ankafuna magudumu aakulu a Chevrolet. Zimbale zambiri za nthawi imeneyo zinali zopyapyala ndiponso zoumbidwa motchipa. Ine ndimakhulupirira kuti mbiri yoipa imene adaputa ili nayo lero inayambira pa zimbale zoterozo, ndipo sinasambe.

Nyengo ya galimoto zamphamvuzi sinatalike. Makampani a inshuwaransi anakweza mitengo kwa achinyamata, lamulo la Clean Air Act la 1970 linakakamiza kuchepetsa utsi, mphamvu za injini zinatsika, ndipo mu October 1973 mayiko a Aluya ataleka kugulitsa mafuta ku America, mizere pa malo omwetsera petulo inamaliza nkhani. Pofika 1975 zinali zitatha. Koma galimotozo sizinathe. Zinatsala m'magalaja ndi kuseri kwa nyumba, pamene dziko la magudumu linkasintha mozizungulira.

Kusintha kwakukulu sikunali kwa mabowo. Kunali kwa chinthu chimene amachitcha offset, ndipo apa ndipempha kuti tidekhe, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Ganizirani limu ngati mkombero wa sefa, ndipo mkati mwake muli chimbale cha mabowo chimene chimagunda habu. Chimbalecho chikhoza kukhala pakatikati pa mkomberowo, kapena kusunthira kunja, kufupi ndi mbali imene timaiona. Mtunda wochokera pakatikati kufika pa nkhope yogunda habu ndiwo offset. Magudumu a zaka za m'ma 1960 anali ndi offset yaing'ono, pafupi ndi ziro, n'chifukwa chake amaoneka akuya ngati mbale ya ndiwo. Magudumu amakono ali ndi offset yaikulu, amaoneka afulati, ndipo limu lonse limalowa mkati kukaphimba mabuleki.

Sikuti okonza maonekedwe anangotopa ndi mbale zakuya. Gudumu lakutsogolo limakhotera pa mzere wongoganizira umene umadutsa m'majointi ake n'kukagunda pansi. Malo amene mzerewu wagunda akatalikirana ndi pakati pa tayala, bampu iliyonse ndi buleki iliyonse zimakoka chiwongolero m'manja mwanu. Pa galimoto yokoka ndi magudumu akutsogolo, mphamvu ya injini nayonso imakoka. Detroit itatembenukira ku galimoto zotere, monga Chevrolet Citation ya 1980 ndi K-car za Chrysler za 1981, inafunika kukankhira habu kunja ndi kubweza tayala mkati. Galimoto zokankha ndi magudumu akumbuyo zinatsatira, chifukwa phindu lake linali lomwelo, makamaka mabuleki a ABS atafika. Corvette ya 1988 inakonzedwanso kutsogolo ndi cholinga chimenechi, ndipo inkapezekanso ndi magudumu a mainchi 17, otambalala mainchi 9.5, a offset ya mamilimita 56. Mabowo anali omwe aja a 1949. Koma mukaliika pa Camaro ya 1969, tayala limakagunda felemu ndi sipuling'i nati yomaliza isanalimbe.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu angavutike nalo gudumu lotero? Zifukwa zake ndi zomveka, ndipo sizonse zimene ndi za matama. Choyamba ndi matayala. Michelin inalembetsa tayala la radial mu 1946, America inachedwa kulilandira, koma pamene linakhazikika, luso lonse latsopano linapita ku masaizi aakulu ndi makoma aafupi. Lero wofuna tayala logwira bwino msewu la mainchi 14 kapena 15 amasankha pa mitundu yowerengeka, ina yopangidwira maonekedwe akale basi, pamene pa mainchi 17 ndi 18 pali zosankha zochuluka. Chachiwiri ndi mabuleki. Disiki yakutsogolo ya Corvette ya 1997 ndi pafupifupi mainchi 13, ndipo singalowe mkati mwa limu la mainchi 14 kapena 15. Wofuna kuti Chevelle yake iziima ngati galimoto ya masiku ano ayenera kukulitsa gudumu kaye. Chachitatu, chimene ambiri sachitchula, ndi mtengo. Eni Corvette ndi Camaro atsopano ankavula magudumu a ku fakitale n'kugula ena, choncho magudumu abwino, oyesedwa ndi General Motors yomwe, ankapezeka motchipa. Gudumu losulidwa mwapadera pa muyezo wa galimoto yanu limadula kangapo kuposa lovulidwa pamodzi ndi adaputa.

M'zaka za m'ma 1990 zonsezi zinakumana. Kunabadwa kachitidwe kotchedwa Pro-Touring, komwe dzina la Mark Stielow, injiniya wokonda Camaro za 1969, limatchulidwa kwambiri: galimoto yakale m'maonekedwe, koma yokhota ndi kuima ngati yatsopano. Nthawi yomweyo makina osema zitsulo oyendetsedwa ndi kompyuta anafala mpaka m'mashopu ang'onoang'ono, moti munthu ankatha kutumiza miyezo yake n'kulandira chimbale chosemedwa kuchokera ku aluminiyamu yolimba ya 6061-T6. Onani kuti pa Camaro yakale yovala magudumu a Corvette, adaputa sisintha mabowo n'komwe. Mbali zonse ndi 120.65. Ntchito yake ndi kubweza mtunda umene zaka makumi awiri za uinjiniya zinachotsa, ndiponso kusintha mabawuti akale a 7/16 ya inchi kukhala a mamilimita 12.

Tsopano tifike pa mlandu umene adaputa imaimbidwa kawirikawiri, woti imapha mabering'i. Mfundo yake ndi yoona. Nyamulani ndowa ya madzi mkono uli pafupi ndi thupi, kenako muutambasule: madzi ndi omwewo koma phewa likuuzani zina. Mukakankhira tayala kunja ndi mainchi awiri, bering'i imamva chimodzimodzi, ndipo chiwongolero chimayamba kukoka. Koma bering'i sidziwa kuti pakati pa iyo ndi tayala pali chitsulo chimodzi kapena ziwiri. Imangodziwa pamene pakati pa tayala pali. Tengani gudumu la offset ya 56, muikepo adaputa ya mainchi awiri, amene ndi mamilimita 50.8. Chotsala ndi mamilimita pafupifupi 5, kufupi ndi pamene gudumu la ku fakitale linali. Ndowa yabwerera pafupi ndi thupi. Amene amawononga mabering'i ndi uja amene amaika chimbale chokhuthala pansi pa gudumu lakale lomwelo kuti galimoto ioneke yotang'adza. Anthu amasakaniza zinthu ziwirizi, n'kuweruza zonse pamodzi.

Masamu sathera pomwepo. Limu la mainchi 9.5 ndi lotambalala kuposa la mainchi 7 ndi mainchi awiri ndi theka, kutanthauza mamilimita oposa 30 mbali iliyonse. Ngakhale pakati pali bwino, m'mphepete mukhoza kukhula madigadi kunja kapena sipuling'i mkati, makamaka galimoto ikanyamula anthu kapena ikakhota mpaka kumapeto. Ekiselo yakumbuyo ya galimoto ya zaka 50 nthawi zambiri sikhala pakatikati penipeni pa bodi, choncho woyeza mbali imodzi yokha amadzadabwa.

Mlandu wachiwiri ndi woti mabawuti a adaputa adzadulidwa ndi kulemera kwa galimoto. Apanso pali kusamvetsa. Gudumu silipachikika pa mabawuti ngati chithunzi pa msomali. Nati ikamangidwa imakoka bawuti ngati sipuling'i, ndipo bawuti iliyonse imapanikiza gudumu pa habu ndi mphamvu ya matani angapo. Kupanikizana kwa nkhope ziwirizi ndiko kumanyamula galimoto. Mabawuti amayamba kupindika ndi kuthyoka pokhapokha kupanikizanaku kukatayika. N'chifukwa chake makampani enieni sachiopa chimbalechi. Porsche inaika zimbale zokankhira magudumu kunja pa 911 Turbo ya 1975 kuchokera ku fakitale, ndipo mapikapu aakulu a ku America a matayala awiriawiri kumbuyo amayenda ndi adaputa yachitsulo kutsogolo tsiku ndi tsiku atasenza katundu.

Koma mawu akuti "pokhapokha" amenewo ndi olemera, ndipo apa m'pamene ndimagwirizana ndi otsutsa. Adaputa imachulukitsa kawiri malo amene munthu angalakwitse. Manati 20 amasanduka 40, ndipo theka lake limabisika kuseri kwa gudumu kumene palibe amene angaliyese ndi sipanala popanda kukweza jeke. Dzimbiri kapena penti yotsala pa dilamu yakale imaphwanyika pang'onopang'ono, nati yobisikayo n'kufooka osaoneka. Chimbale chikakhala chopyapyala kuposa kutalika kwa mabawuti akale, mitu yawo imatulukira, ndipo gudumu limatsamira pa nsonga zisanu m'malo mogona pa nkhope yonse. Nati ya kamwa yosongoka ikakumana ndi bowo lofuna nati ya kamwa yobulungira imagwira pa kamzere kochepa. Chimbale chopanda mlomo wolowa m'bowo lapakati la gudumu chimasiya kuti manati okha ndiwo aliike pakati. Palinso za pa intaneti zonyezimira bwino, zopanda dzina la wopanga, zimene mabawuti ake palibe akudziwa kuti ndi a chitsulo chanji: chikomekome cha nkuyu. Gudumu lakutsogolo likachoka pa liwiro la makilomita 100 pa ola, mwini galimoto sakhala yekha pangozi. Gudumulo limapitirira ulendo wake, ndipo silisankha.

Opanga odalirika amanena zofanana: tsukani nkhope zonse, mangani ndi sipanala yoyeza kulimba osati chomangira cha mpweya, nati ilowe pa bawuti mtunda wosachepera kunenepa kwa bawutiyo, ndipo mutayenda makilomita pafupifupi 100 muvule magudumu muyesenso manati amkati. Ndi angati amene amabwereradi kukavula? Funso limeneli ndilo limasiyanitsa mayiko. Ku Germany chimbale chimafuna chikalata chosonyeza kuti chinayesedwa pa mtundu wa galimoto yanu, ndipo oyendera a TÜV amachifunsa. Ku Australia malamulo a kusintha galimoto salola zimbale zimenezi pokhapokha ngati wopanga galimotoyo ndiye anaziika. Ku America, m'madera ambiri, nkhaniyi imasiyidwa m'manja mwa mwini wake. Ine ndimaona kuti Germany ndiyo inalondola: sinaletse chinthucho, inangokana kukhulupirira mawu a wogulitsa. Pali mtundu umodzi umene sindingauikire kumbuyo ngakhale pang'ono, wa zidutswa ziwiri, wosandutsa mabawuti anayi kukhala asanu. Mustang zoyambirira za masilinda asanu ndi imodzi zinali ndi mabawuti anayi, mabuleki aang'ono ndi mahabu opepuka. Kuziveka magudumu a V8 kudzera pa zimbale ziwiri zomangirirana n'kubisa vuto. Kumeneko njira yoona ndi kusintha habu ndi ekiselo.

Palinso gulu lina la otsutsa limene silinena za ngozi, limanena za ulemu. Kwa iwo Chevelle iyenera kukhala mmene inatulukira ku fakitale, nambala ya injini yogwirizana ndi ya bodi, magudumu a Rally a deti yolondola, ndipo gudumu la Corvette ya 1997 pa galimoto ya 1970 ndi chipongwe. Pa maonekedwe, nthawi zambiri ndimawamvetsa. Gudumu lafulati la mainchi 18 pansi pa bodi yojambulidwira matayala onenepa limakonda kuoneka ngati agogo avala nsapato za mdzukulu. Koma mbiri siili kumbali yawo mmene amaganizira. Galimoto zimenezi zinkasinthidwa magudumu zikadali zatsopano, ndi eni ake oyamba. Mustang ya mu Bullitt ija inagulitsidwa pa okushoni ya Mecum ku Kissimmee, Florida, mu January 2020 pa madola 3.4 miliyoni, ili ndi magudumu amene Ford sinapange. Ndipo pa njira zonse zoveka galimoto yakale gudumu lachilendo, adaputa ndi yokhayo imene sisiya chipsera. Wobowola ekiselo, wofupikitsa ekiselo, wodula madigadi amkati kuti tayala lalikulu lilowe, onsewa sangabwerere. Wa adaputa amamasula manati Loweruka masana, n'kubwezera magudumu akale amene anawasunga.

Chimene chimandiopsa kwenikweni ndi chimene ndinayamba nacho, gudumu limene limalowa popanda adaputa koma silinakwane. America inayamba kusamukira ku mamilimita mwakufunafuna, lamulo la 1975 limene Gerald Ford anasaina silinakakamize aliyense, ndipo zotsatira zake ndi mapasa osafanana. Camaro itabweranso mu 2010 pa maziko okonzedwa ndi Holden ya ku Australia, inabwera ndi 120 m'malo mwa 120.65, pamene Corvette inasunga nambala yakale mpaka 2019. Dodge Charger ya 2006 ndi Challenger ya 2008 zinabwera ndi 115, pamene makolo awo a 1970 anali ndi 114.3. Mwini Challenger yakale akaona gudumu la Challenger yatsopano, dzina ndi lomwelo, mabowo ndi asanu, ndipo limalowa. Munthu amene amakana adaputa poti ndi yoopsa, n'kumangirira gudumu limeneli mwachindunji, wasankha choopsa chimene sichioneka m'malo mwa chimene chimaoneka. Mustang yokha ndiyo inabwerera ku 114.3 mu 1994, itayenda ndi mabawuti anayi kuyambira m'ma 1970, ndipo yakhala pomwepo.

Nambala imeneyi, 114.3, mwina mwaimvapo kwa wogulitsa malimu ku Lilongwe kapena ku Limbe akamafunsa PCD ya galimoto yanu. Palibe injiniya woganiza m'mamilimita amene akanasankha nambala yopotoka chotero. Ndi mainchi 4.5 ovala malaya a ku Japan, monganso 139.7 ya Hilux ya mabawuti asanu ndi imodzi ili mainchi 5.5 a mapikapu a Chevrolet. Makampani a ku Japan anaphunzira ntchito akuyang'ana Detroit, ndipo injini ya Toyota AA ya 1936 inatengera ya Chevrolet. Choncho mabowo a gudumu la RAV4 kapena Mark X amakumana ndendende ndi mabawuti a Mustang ya V8 ya 1967. Koma bowo lapakati la Toyota ndi mamilimita 60.1 pamene habu ya Ford imafuna pafupifupi 70, ndiye gudumulo limaima panjira lisanagunde nkhope ya habu. Ndipo malimu a mabowo asanu ndi atatu kapena khumi amene amaunjikidwa m'mashopu omwewo, okwana pa 100 ndi pa 114.3 pomwe, akuyankha funso lomwe lija limene wogulitsa Uni-Lug ankalimbana nalo ku California mu 1960 ndi zakutizakuti.